Makina Oyamwa Fumbi a kwa Adona

Chaka chimene adona anadwala mphumu n'kuti nditagwira ntchito m'nyumba ya amuna awo, abwana a esiteti ya tiyi, zaka zisanu ndi ziwiri. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inali isanayambe. Ntchitoyo anandipezera ndi alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga, amene anali khuki panyumbapo. Makolo athu tonse anachokera kwa Apwitikizi, ndipo tikafuna kujeda adona iwo ali pomwepo tinkalankhula Chilomwe. Ndinalowa ngati wosesa wamba, koma patapita zaka abwana anandiika kukhala woyang'anira antchito onse a m'nyumba, ndi alamu omwe. Tsiku limenelo alamu anandigwira chanza akuseka. Ine kusekako sindinakukhulupirire. Ndi mmene ndinabadwira: munthu akandisekerera kwambiri ndimapita kukaona ngati nkhuku zanga zilipo zonse. Kuyambira pamenepo ndinkadya nawo mbale imodzi, koma diso langa lili pa iwo.

Dokotala atabwera kudzawaona adona, ananena kuti chikuwabanikitsa ndi fumbi la m'makapeti. Zinandiwawa, chifukwa makapetiwo ndinkawasamala ndine. Tinkatenga masamba a tiyi amene azungu amwera kale, akadali onyowa, n'kuwawaza pakapeti kuti fumbi lisabuke, kenako n'kusesa. Masamba a tiyi sakanasowa ku Thyolo. Koma dokotala anati tsache limangosamutsa fumbi, pakufunika makina oyamwa fumbi oyendera magetsi. Magetsi m'nyumbamo analimo, ankabwera pa waya kuchokera kufakitale, ndipo ankayaka pokhapokha injini ya kumeneko ikamalira.

Abwana anangoti agule makina amene sadzafa msanga, poti kuno wowakonza kulibe. Adona anati asankhe ndi amene aziwagwira, ndiye kuti ine. Alamu atamva anati ndakwera kwambiri, posachedwa ndizisankhira abwana galimoto. Anthu anaseka. Ine mawuwo ndinawasunga.

Panali makina atatu. Oyamba anali atsopano, koma anali m'buku la zithunzi za katundu. Adona anandionetsa tsambalo: mzimayi wachizungu wovala ngati akupita kutchalitchi, akukoka kanthu konyezimira akumwetulira. Makinawo akanachita kuitanitsidwa, kubwera pa sitima ya pamadzi, kenako ya pamtunda mpaka ku Luchenza, mwina mvula itagwa kale. Ndinawauza adona kuti munthu wosesa samwetulira choncho, ndipo chithunzi sindingachiyese. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Achiwiri anabwera nawo wamalonda wina wa ku Limbe. Anati ndi akale koma anawakonzanso, tsopano akuposa atsopano. Anali opaka penti yobiriwira, yonunkha uwisi. Munthuyo ankalankhula kwambiri, ndipo nthawi yonseyo dzanja lake linali pamalo amodzi, pafupi ndi chivundikiro. Atacheuka kuti alandire kapu ya tiyi, ndinakanda pamalopo ndi chikhadabo. Penti inachoka ngati nkhanambo, pansi pake dzimbiri lokhalokha. Chikomekome cha mkuyu.

Achitatu abwana anawabwereka kwa mzungu wina wa cha ku Bvumbwe amene ankagulitsa katundu wake pobwerera kwawo. Anali ngati kamgolo kachitsulo kogoneka chammbali, akuda, okalikakalika, olemera ngati mwana wa ng'ombe. Payipi yake inali yomangidwa ndi chingwe pamalo pamene inang'ambika. Sanabise chilichonse, ndipo n'chifukwa chake ndinayamba kuwakonda.

Tsiku loyesa, injini itayamba kulira kufakitale, ndinawaza masamba onyowa pakapeti ya m'chipinda chodyera monga mwa masiku onse. Kunena zoona sindinkadziwa kuti makina otere safuna zonyowa, palibe amene anandiuza. Obiriwira aja anameza masamba pang'ono, anabuula, ananunkha ngati nthenga zowauka, n'kukhala chete. Wamalonda anati ndawapha dala. Ine ndinangowalozera adona pamene ndinakanda paja. Akuda aja anameza masamba onse, anatsokomola kamodzi, n'kupitiriza kulira mpaka ndinawazimitsa ndekha. Abwana anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunena kuti atenga omwewo, koma masamba ndisadzawazenso.

Ndinanyadira masana onse, kufikira pamene ndinatsegula chivundikiro kuti ndichotse masamba aja. M'katimo munali thumba lansalu, ndipo pansi pa masamba munali fumbi la nyumba ya ku Bvumbwe lija, lomatana ngati bulangete. Ndinalifwafwaza ndi kamtengo. Munali tsitsi la azungu, munalinso tsitsi ngati langa, la munthu amene ankasesa kumeneko, ndi tizikhadabo.

Kwathu munthu ukameta tsitsi suliponya paliponse, umalikwirira. Wokufunira zoipa akalipeza, kapena akatapa dothi pamene waponda, wakupeza iwe. Ndine Mkhristu, ndinabatizidwa ndili mnyamata, koma zimenezi sindinasiye kuziopa. Ife antchito m'nyumba ya azungu tinkayenda opanda nsapato. Tsache linkatikomera mtima: ukasesa n'kutaya kunja, mphepo imamwaza, nkhuku zimapalasa, palibe angadziwe kuti fumbi ili ndi la yani. Koma makina amenewa ankatolera mapazi anga a sabata yonse, ndi tsitsi lomwe, n'kuzisunga bwinobwino m'thumba limodzi, kudikira wozifuna. Ndipo ndinali nditasankha olimba, oti sadzafa.

Loweruka loyamba ndikutulutsa thumba, alamu anaima pakhomo la kukhitchini n'kunena kuti ndiwapatse akataye ndi iwo. Ndinati ndi ntchito yanga. Anati munthu wamkulu ngati ine sayenera kuoneka ndi zinyalala. Adona anali pakhonde ndipo anamva, n'kuvomereza kuti khuki azitaya, ine ndizifulumira kukonza tebulo. Sindikanatsutsa. Ndinawapatsa alamu thumbalo ndikudzifunsa kuti chiyambire liti khuki kupempha ntchito yoonjezera.

Patapita masabata atatu phazi langa lamanzere linayamba kutupa. Linayamba ngati kuyabwa pansi pa chidendene, kenako linatentha, kenako sindinkatha kuponda. Ndinkakoka makina aja ndikutsimphina. Alamu ankandifunsa za phazilo m'mawa uliwonse, ndipo kufunsa kwawoko kunkandipsetsa mtima kuposa ululu. Ndinkati akufuna adziwe ngati mankhwala awo akugwira. Mkazi wanga anati ndipite kukachipatala ka pa esiteti, ine ndinakana, poganiza kuti matenda ochita kuponyeredwa samva mankhwala a m'botolo. Chimene ndinkaganiza sindinamuuze. Ungamuuze bwanji mkazi kuti mlongo wake ndi mfiti?

Loweruka lina masana ndinawatsatira alamu atatenga thumba lija. Ndinabisala kuseri kwa thanki ya madzi. Alamu anakhala pansi kuseri kwa khitchini, anakhuthulira fumbi m'sefa yakale, n'kuyamba kusefa pang'onopang'ono. Ankatola tinthu ndi nsonga za zala n'kumaika pakansalu, kenako anamanga kansaluko n'kukalowetsa m'thumba la kabudula. Fumbi lotsala analikulunga m'pepala n'kulowa nalo kukhitchini. Ndinaona zokwanira, kapena ndinkaganiza choncho.

Za ufiti sindikanawauza adona, akanandiseka. Ndiye ndinasankha mawu amene mzungu amamva msanga. Ndinawauza kuti khuki akumatola zinthu m'thumba la makina n'kumabisa. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti thumbalo libwerere m'manja mwanga.

Adona anawaitanitsa alamu pakhonde, ine ndili pomwepo, n'kuwauza kuti atulutse zimene zili m'kabudula. Alamu anamasula kansalu kaja. Munali mapini asanu kapena asanu ndi limodzi, singano ziwiri, mabatani, ndi kandolo kamodzi kakang'ono kamene adona anakhala akukafunafuna. Tsitsi munalibe, chikhadabo munalibe. Alamu anati kandoloko akapeza tsiku lomwelo ndipo amati akapereke pobweretsa tiyi. Adona sanakhulupirire. Abwana atabwera kuchokera kuminda anagamula mwachidule kuti ntchito ya alamu yatha. Pa esiteti ntchito ikatha, nyumba ya kumalaini a antchito yathanso, ndi kamunda komwe. Alamu anapatsidwa masiku awiri oti asamuke.

Sanandiyang'ane pakhonde paja, ndipo sanabwere kudzatsanzika. Ananyamula mphasa ndi miphika, akazi awo ndi ana pambuyo, kulowera kwa Changata kumene kunali abale.

Mkazi wanga anamva nkhani yonse kwa anthu a kumalaini ine ndisanafike. Ndinamupeza atakhala pakhonde, singano itabayidwa pansalu yake pachifuwa. Sanakweze mawu.

"Singano iyi anandipatsa ndi achimwene, yochokera m'fumbi lomwelo," anatero. "Malaya amene mwavalawo ndinasokera yomweyi. Ankasefa kuti zitsulo zisatsalire m'phulusa, chifukwa fumbilo ankaliwotcha m'chitofu Loweruka lililonse. Anandiuza kuti chikwerereni inu pantchito pali anthu amene sakukondwa, ndiye mapazi anu asamatayidwe kudzala kumene aliyense amafikako. Anati ndisakuuzeni, mungachite mantha."

M'mawa mwake ndinapita kwa adona kukanena kuti ndinalakwitsa, koma anandiyamikira kuti ndine wokhulupirika ndipo ndisamve chisoni, khuki wina akubwera kale kuchokera ku Limbe. Tsiku lomwelo ndinapita kukachipatala kaja. Mkulu wotsuka zilonda anang'amba pansi pa chidendene n'kutulutsa kachidutswa ka munga kochepa ngati njere ya mpunga. Anandikalipira chifukwa chochedwa. Patatha sabata ndinkayenda bwinobwino, ndipo kuchirako kunandichititsa manyazi kuposa kudwala.

Makina aja anakhalitsadi. Adona mphumu inachepa, ndipo alendo akabwera ankawauza kuti anasankha ndine. Thumba linabwerera m'manja mwanga monga ndinkafunira. Khuki watsopanoyo sindinkamudziwa n'komwe, ndiye fumbi ndinkapita nalo ndekha kung'anjo ya kufakitale.

Mvula itayamba, Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, ndinanyamula tambala n'kuyenda wapansi mpaka kwa Changata. Mkazi wanga anakana kundiperekeza, anati amene anathyola ndiye akalumikize. Ndinawapeza alamu akufolera kanyumba kamene anangomanga kumene. Anali ataonda. Anatsika padenga, anandipatsa mpando, anafunsa za mlongo wawo ndi ana mmodzimmodzi. Anafunsanso za phazi, ndipo ndinawauza za munga uja osabisa. Anangogwedeza mutu. Ndinapepesa m'Chinyanja, ndinapepesanso m'Chilomwe. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Tambala analandira, akazi awo anaphika, tinadya. Ndinayamba kuganiza kuti nkhani yatha, poti sanandinyoze ngakhale liwu limodzi.

Nditaimirira kuti ndizipita, alamu analowa m'nyumba n'kutuluka ndi tsache ndi kansalu. Pabwalopo panali ponyowa, ndipo mapazi anga ankaoneka bwino kuchokera kunjira mpaka pampando.

"Alamu, musanapite sesani mapazi anuwa, mumange apa mupite nawo," anatero mwaulemu, akundipatsa ndi manja awiri. "Mungakadwale kumeneko n'kukaganiza za ine."

Ndinawayang'ana kuti mwina aseka, koma sanaseke. Ana awo anali ataima pakhomo akuonerera. Ndinalandira tsachelo, ndinawerama, n'kuyamba kusesa chobwerera m'mbuyo mpaka kunjira.