Andilembera kalata chifukwa cha "tía"

Lachiwiri lapitali ndinaitanidwa ku ofesi ya manejala. Mlandu wanga? Ndimatchula mayi wina wokalamba kuti "tía."

Ndimagwira ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Springburn, mumzinda wa Glasgow, ndipo ndikadali pa miyezi yoyesedwa. Kumeneko kuli mayi Consuelo, ochokera ku Spain. Anabwera ku Glasgow ali mtsikana, koma pano mutu wayamba kuiwala. Chingerezi chikuwathawa, chatsala ndi chinenero chakwawo.

Lamulo la panyumbapo ndi lakuti aliyense timutchule dzina lake loyamba. Ine lilime limakana. Kwathu ku Ntchisi munthu wa imvi sumuponyera dzina ngati mwana wa sitandade wani. Sabata yoyamba ndinkangoima pakhomo ndi kapu ya tiyi, n'kumatsokomola kuti andione.

Rocío, mnzanga wa shifiti ya m'mawa, nayenso wa ku Spain, anandiseka. "Iwe, utsokomola mpaka liti? Uziti tía."

Anandifotokozera bwinobwino. Tía ndi azakhali, kapena mayi aang'ono. Ana amatchulanso choncho mnzawo wa mayi awo amene sasowa pakhomo. Atsikana okhaokha amaitanizana tía, monga ife timanenera kuti aise. Liwuli ukalitchula mokwinya nkhope, ukunena mkazi amene wakukwiyitsa. Ine ndinatengapo tanthauzo la azakhali lija.

"Tía, tiyi uyu."

Anatembenuka, n'kundigwira dzanja. Anamwa yense. Awatu ndi mayi amene mbale zawo zinkabwerera kukhitchini zosakhudza.

Milungu itatu zinayenda choncho. Kenako amayi Nkhoma, oyang'anira shifiti yathu, Amalawi anzanga amene Lamlungu timakhala benchi imodzi kutchalitchi, anakandinenera.

Manejala anati mayi Consuelo si azakhali anga, ndipo mawu achibale amachepetsa munthu wamkulu. Anandipatsa kalata yochenjeza. Ikadzabwera yachiwiri, ntchito yatha. Ndinapepesa katatu, n'kusaina.

Potuluka amayi Nkhoma anandisisita paphewa. "Mwana wanga, kuno si kumudzi."

Mwamva? Mwana wanga! Iwo kunditchula mwana wawo palibe kalata.

Sindine munthu wokonda kukangana, koma izi zandiwawa. Akuti lamuloli limateteza ulemu wa okalamba. Chabwino. Nanga mwini ulemuwo anamufunsa ndani? Ndani anakhala pambali pa bedi lawo n'kuona nkhope yawo ikamva mawu akwawo? Amene analemba kalata ija sanawanyamulirepo kapu ngakhale tsiku limodzi.

Koma amene andipweteka kwambiri ndi ife eni. Timafika kuno, zaka ziwiri zitatu, basi tayamba kuchita manyazi ndi zimene anatilera nazo. Kutchalitchi timafuna "mwadzuka bwanji amayi," mwana akatiyankha mwachizungu kuti "hiya" timadandaula mpaka pabasi. Lolemba likafika, ndife oyamba kuthamangira ku ofesi kukanena mnzathu chifukwa walemekeza mayi wa anthu ena.

Lachitatu ndinamvera lamulo. "Consuelo, tiyi." Anangoyang'ana pawindo. Tiyi anazizira, ndinakamutaya m'sinki.

Lachinayi ndinatseka chitseko kaye, n'kunong'ona. Anamwa.

Ndiye ulemu ndayamba kuchita mobisa ngati ndikuba. Amayi Nkhoma, ndikudziwa mumawerenga tsamba lino. Pepani, mukafuna kanenaninso. Koma tsiku limene Chingerezi chidzakuthaweni inuyo, muli pa bedi ku Springburn komweko, mudzafuna wobwera ndi tiyi adzakutchuleni kuti ndani?