Pulagi Imene Amagetsi Sankaidziwa

Mumsewu monse ankangowatchula kuti Amagetsi. Moyo wawo wonse unathera pa kulumikiza mawaya m'nyumba za anthu, ndipo ngakhale atapuma pantchito, tesitala yoyezera magetsi sinkachoka m'thumba la malaya awo. Ana asukulu ankawakonda chifukwa ankawakonzera matochi mosanyinyirika.

Tsiku lina mwana wawo wamkazi wokhala kutali anatumiza vidiyo ya mdzukulu akuyamba kuyenda, mdzukulu amene iwo anali asanamuonepo. Amagetsi anaitanira akazi awo ndi mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wamwamuna, pabalaza, n'kutsegula tsamba la vidiyoyo pa laputopu. Panatuluka uthenga wakuti vidiyoyo singaoneke pokhapokha ataika kapulogalamu kena kake kotchedwa pulagi.

"Bambo, musadine pamenepo," anatero mpongoziyo motsitsa mawu. "Mavidiyo a masiku ano amangoyamba okha. Zimenezo n'zachinyengo."

"Apongozi, nkhani ya mapulagi mungandiuze ine?" Anaseka, n'kudina.

M'malo mwa mdzukulu, panatumphuka zithunzi za anthu osavala. Akatseka chimodzi, zinkabwera zinanso.

"Abambo ake," anatero akazi awo atagwira pakamwa, "mdzukuluyo wakula msanga chonchi?"

Amagetsi anavundikira sikirini ndi chipewa chawo. Mpongozi anatenga laputopuyo osawayang'ana kumaso, anachotsa kapulogalamu koipako, n'kutsegulanso tsambalo. Vidiyo inayamba yokha: kamwana kakudzandira pakapeti, manja ali m'mwamba.

Amayi awiriwo anaomba m'manja. Amagetsi anangomva kuseka kwa mwanayo. Mdzukulu wawo anayenda mpaka vidiyo inatha, iwo maso ali pansi.