Dzanja la Alamu Anga

Alamu anga, amuna a achemwali, anayamba kumeta anthu ine ndili kamwana ka mamina. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi: mpando wozungulira, galasi long'aluka pakona, benchi ya odikira, ndi TV yakale pashelefu. Ana awo onse akula ndi lumo limenelo, ndipo wotsiriza akadali pasukulu.

Chaka chatha anayamba chizolowezi chondinyansa. Tsiku lonse pa TV pamakhala mafilimu akalekale aja opanda mawu, a zithunzi zakuda ndi zoyera. Wina wasenza thabwa, potembenuka waomba nalo mnzake kumaso. Wina wagwa pamakwerero, ndowa ya penti yamuvala kumutu. Alamu amaseka mpaka mapewa kugwedezeka, lumo lili m'manja! Makasitomala amazikonda zedi. Akuti kuona munthu akugwa chagada, n'kudzuka, n'kusasa fumbi osathyoka ngakhale chala, kumachotsa nkhawa. Ine ndi pomwe nkhawa imandigwira.

"Alamu, mudzapha munthu inu," ndinkawauza. "Sekani kaye, mumete pambuyo."

"Ndevu zake ziti, alamu? Zambuzizi?" ankandiyankha choncho.

Loweruka lina masana ndinakhala pampando uja. Pabenchi panali telala wa khomo loyandikana ndi wogulitsa nyama, munthu amene pakamwa pake sipagona nkhani. Thovu la sopo linali litandidzaza masaya, mutu uli chagada, lumo litafika pakholingo. Pa TV wapolisi wonenepa anali atangokhalira m'ndowa. Basi magetsi anazima.

M'shopu munangoti zii. Ndinayang'ana pagalasi. Nkhope ya alamu inali youma, yopanda ndi kamwetulira komwe, koma dzanja linkagwedezekabe, lumo likugundagunda pakhungu langa. Mayo ine! Si kuseka kumene kumagwedeza dzanja lija. Dzanja linayamba lokha kunjenjemera, mafilimu anangobwera kudzalibisa.

Maso athu anakumana pagalasi. Ine ndinali ndi mantha, koma iwo anandiposa. Ndinkafuna kudumpha n'kuthawa ndi thovu lomwelo. Koma ndikanatero wogulitsa nyama akanaona, pofika madzulo msewu wonse ukanamva, ndipo pampando uja sipakanakhalanso munthu.



"Koma wapolisi uja," ndinatero, "m'ndowa muja atulukamo bwanji ndi mimba imene ija?"

Ndinaseka. Kuseka konyansa, kouma, koma kunagwira. Wogulitsa nyama anaphulika nako, telala anayamba kutsanzira wa penti uja akupapasa khoma. Alamu nawonso anaseka, misozi ili mbwee, mapewa akugwedezeka monga mwa masiku onse. Ndinamva kutentha pansi pa chibwano, magazi n'kudontha pansalu.

"Aaa, inunso!" anandikalipira telala. "Munthu amaseka lumo lili pakhosi? Mwadzicheka nokhatu, musanamizire ometa."

Alamu anaviika thonje mu sipiriti, n'kuwerama kuti andipukute. Fungo lake linandilowa m'mphuno.

"Achemwali anu sakudziwa," anandinong'oneza.

Ndinadzuka ndikuthokoza Mulungu kuti khosi ndatuluka nalo. Ndisanafike n'komwe pachitseko ndinamva mpando ukulira kumbuyo kwanga. Wogulitsa nyama anali atakhalapo kale, akudziponyera yekha nsalu pachifuwa.

"Ndevu zokha, ometa, sizilira magetsi," anatero, n'kupendeketsa mutu, n'kutsinzina.

Alamu anatola lumo n'kundiyang'ana. TV inali idakali yakuda.

Ndinabwerera n'kukhala pabenchi, thonje lili pachibwano. Ndinayang'ana khosi la bambo uja, lonenepa, mtsempha ukuoneka bwinobwino.

"Nanga uja wa thabwa," ndinayambanso, "mukumukumbukira?"