Timapointi ta Mng'ono Wanga

Mng'ono wanga sanabadwe wothandiza anthu. Tili ana, ndowa yake yamadzi ndinkasenza ndine. Ndiye atayamba kudzipereka kuti azigulira mudzi wonse katundu m'tauni, ine mtima sunakhale m'malo.

Iye anali namwino ku Lilongwe. Ine ndinatsala kwathu kufupi ndi Nsaru, kulima fodya ndi kusamalira amayi, amene anafa ziwalo mbali imodzi atadwala sitiroko. Loweruka lililonse ankabwera kudzandilandira, nkubwerera Lamlungu. Masiku awiri amenewo ndiwo ankandipumitsa msana, ndipo ndinkawadikira ngati mvula.

Kenaka anabwera ndi khadi la ku banki. Anthu ankamupatsa ndalama m'manja, iye nkukalipira ndi khadilo: feteleza wa amalume, malata a tchalitchi, mbewu ya chimanga. Anandionetsa kachizindikiro pakona, nkunena kuti khadilo limagwira ntchito paliponse pamene makina a sitolo ali ndi chizindikiro chomwecho, ngakhale kunja kwa dziko.

"Nanga iwe umapindulanji?" ndinamufunsa.

"Timapointi chabe, achemwali. Ukagula, amakulembera."

Ndinafufuza mitengo mwakachetechete. Sankadyapo kanthu, ndipo zimenezo ndi zimene zinandisowetsa tulo. Akanakhala wakuba ndikanadziwa pomugwirira.

Tsiku lina ndinamumva akudzitama kwa aphunzitsi a pasukulu yathu. Ankati mwini khadi lotere amadikira ndege m'chipinda chapadera, tiyi waulere, ndipo chikwama chikasowa amamulipira. Ndinaima ndi tsache m'manja. Munthu wokwera minibasi ya ku Nsaru, chikwama chili pamiyendo, akuopa kuti chisowa kuti? Nthawi imeneyo anamwino anzake ankapita ku Ulaya mmodzimmodzi, ndipo sankabwerako.

Sindinamufunse. Ndinkaopa yankho.

Amayi atayamba zilonda chifukwa chogona malo amodzi, ndinagulitsa fodya nkupita naye m'tauni kukagula matiresi abwino. Sitolo yoyamba matiresi analipo, koma makina awo sankalandira khadi la mtundu wake. Ndalama ndinali nazo m'chitenje, koma iye anakana. Anandiyendetsa padzuwa, kuwoloka mlatho, mpaka tinapeza sitolo ya chizindikiro chake. Pamenepo anatambasula dzanja kuti ndimupatse ndalamazo.

"Timapointi tija ndi ta tikiti ya ndege, eti?"

Anayang'ana pansi. "Eya, achemwali."

"Yatsala pati?"

"Ikwana lero. Ntchito ndinaipeza kale ku Ulaya."

"Nanga amayi aziwatembenuza ndani Loweruka?"

Wogulitsa ankatiyang'ana, makina ali m'manja. Ndinapsa mtima. Ndikanatha kulipira ndekha pompo, khadi lake nkukhala m'chikwama, koma ndinadziwa kuti ndikanangomuchedwetsa mwezi umodzi. Ndinamasula chitenje nkumupatsa ndalamazo. Makina analira, kapepala nkutuluka.

Tinafika kumudzi matiresi atamangidwa pamwamba pa minibasi. Tinawanyamula amayi awiriwiri, iye kumapewa ine kumiyendo, nkuwagoneka. Anasisita nsaluyo ndi dzanja lawo lamoyo, nkumugwira mng'ono wanga pamkono.

"Mwana uyu ndiye adzandiika m'manda," anatero.

Iye anandiyang'ana kuti za ulendo wakewo ndiwauze ndine. Ndinatenga mphasa yakale nkutuluka nayo panja kukaikutumula.