Kamtengo Komwe Amalume Anakhomera mu Njinga

Kanali kamtengo ka bulugamu, kotalika ngati chitsononkho, kakuda ndi girizi. Mbali zonse ziwiri kanali ndi mabala pomwe chitsulo chinkakadya. Mpaka lero ndikamva fungo la oyilo wakuda atasakanikirana ndi dothi lonyowa, ndimakaona m'maso mwanga.

Njinga yamoto inali ya abambo. Ankachita nayo kabaza, kunyamula anthu kuchoka kumudzi kwathu kupita ku Limbuli, mwina mpaka kuboma. Kwathu n'kuseri kwa minda ya tiyi, ndipo kuti ufike pamsewu wa phula uyenera kuwoloka kamtsinje n'kukwera chitunda cha dothi lofiira lodzaza miyala. M'chilimwe chitundacho si kanthu. M'dzinja ndiye chimaterera ngati therere.

Mitambo ikayamba kusonkhana paphiri, abambo ankagwada kumbuyo kwa njinga ndi sipanala, n'kumasula mashoko, masipuling'i aja ochepetsa mabampu, kuti afewe. Tayala lakumbuyo ankaliphwetsa pang'ono. Kenako ankandikweza pachishalo, n'kumandiuza kuti ndidumphedumphe, iwo akuyang'ana mmene njinga ikutsikira ndi kubwerera. "Tayala lakumbuyo lizinyambita pansi," ankatero. "Likayamba kudumpha, basi wagwa." Ine ndinkangoseka, ndimayesa masewera.

Chaka chomwe ndinali mu Sitandade 2, abambo anapita ku Joni kukafuna ntchito. Amayi anali oyembekezera. Njinga anaisiya dala, ndipo anaipereka m'manja mwa amalume, mchimwene wa amayi, anthu akuona. Mawu awo anali amodzi: aziyendera, azipezerapo ya sopo, koma tsiku la amayi likafika njingayo ikawatule kuchipatala. Amalume anavomera ndi manja awiri. Ndiwo anali mwini mbumba, nanga akanakana bwanji?

Dzinja limenelo kunali njala, ndipo chimanga chinkachokera ku Mozambiki. Amalume anaona kuti thumba limalipira bwino kuposa munthu, komanso thumba silidandaula mabampu. Anamangitsa mashoko mpaka kumapeto kuti njinga isakhale pansi ndi katundu. Sizinawakwanire. Anasema kamtengo kaja, n'kukakhomera pakati pa chitsulo chogwira tayala ndi chitsulo cha pansi pa chishalo, n'kukamanga ndi malegeni. Kuyambira tsiku limenelo njinga inauma gwa. Ndinakwerapo tsiku lina kuti ndidumphe ngati kale, ndinangopweteka matako.

Ankasanja matumba mpaka iwo kukhala pathanki. Pamsewu wa phula zinkayenda ndithu, ndipo pachitunda chathu ankalemba anyamata owakankha. Pamsika ankawatama kuti ndi mwamuna, iwo n'kumayenda chifuwa patsogolo.

Amayi anayankhula. Ndinawamva ndi makutu angawa, atagwada pakhonde mimba ili apo. "Achimwene, masiku ayandikira. Kamtengo kaja mukanachotsa, bambo ake a mwanayu ankati mvula ikamagwa njinga izikhala yofewa." Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Achemwali, za njinga mwaziphunzira liti? Inu samalani mimbayo. Kuchotsa kamtengo ndi ntchito ya kanthawi kochepa, ndichotsa mawa."

Mawa, mawa. Ndikamva munthu wamkulu akunena mawu amenewa mtima umandiwawa mpaka pano. Sikuti amalume anali osadziwa ayi. Ankadziwa bwinobwino zomwe kamtengo kaja kankachita. Kungoti ulendo umodzi wa matumba unkawakomera kuposa pempho la mlongo wawo, ndipo m'mudzi monse panalibe woti n'kuwadzudzula.

Matenda a amayi anayamba m'mawa, mvula itagwa kuyambira dzulo lake. Amalume anali atamanga kale zingwe zoti akatengere chimanga. Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, anabwera akuthamanga kudzawaitana. Sipanala anali atabwereketsa kwa mnzawo, malegeni anali atauma ndi matope, ndipo amayi anali akubuula. "Tiyeni, tifika choncho," anatero amalume. Anakweza amayi pakati, amayi aang'ono kumbuyo kuti aziwagwirira. Ine anandiuza kuti nditsale, koma ndinawatsatira chothamanga, opanda nsapato.

Kamtsinje anawoloka. Pachitunda m'pamene zinavuta. Ndinaona tayala lakumbuyo likumenya mwala n'kudumpha m'mwamba, likatera n'kumangozungulira pamodzimodzi, matope ofiira akuwazika mpaka pamasamba a tiyi. Injini inkalira ngati mbuzi yomangidwa. Amalume anawonjezera moto. Kumbuyo kwa njinga kunapotokera kumbali, ndipo onse atatu anagwera mu ngalande, amayi pansi, njinga pamwamba pa mwendo wawo.

Amayi sanakuwe. Zimenezi ndi zomwe zinandiopsa.

Azimayi othyola tiyi anatula madengu awo n'kutsika chothamanga. Anazungulira amayi, natambasula zitenje kuti amuna asaone. Mmodzi anandigwira dzanja n'kundiimika kutali, pansi pa mtengo, nandipatsa chigumu choti ndidye. Ndinadya. Mvula inkalowa m'khosi mwa diresi langa, ndipo ndinkadikira kumva kulira kwa khanda chifukwa amayi anali atandilonjeza mwana woti ndizimubereka. Ndinangomva mvula ndi mawu a azimayi akunong'onezana.

Maliro otere salira. Amakaika azimayi akuluakulu okhaokha, mwakachetechete, popanda nyimbo, popanda bokosi. Ine anangondiuza kuti mlendo wabwerera, ndipo ndisafunsenso. Amayi anawanyamula pamachira mpaka pamsewu, anakagona kuchipatala cha kuboma, nabwerako akutsimphina. Kutsimphinako sikunathe.

Amalume zifukwa sizinawasowe. Anati ndi boma losakonza misewu. Anati matayala a masiku ano ndi achinyengo. Atamwa kachasu anati pali munthu m'mudzi muno yemwe sankafunira zabwino banja lathu. Anthu ankangogwedeza mitu, amvekere zonse ndi Mulungu. Za kamtengo palibe anatchulapo, ngakhale mmodzi. Amayi nawo ankawagwadirabe amalumewo powapatsa madzi osamba m'manja, ndipo abambo akaimba foni ankangoti, "Inali ngozi." Ndikakumbukira zimenezi ndimapsa mtima ndi mudzi wonse, osati amalume okha.

Tsiku lotsatira ngoziyo, amalume anadula malegeni ndi mpeni, n'kugogoda kamtengo kaja ndi mwala. Kanatuluka msangamsanga, zoonadi inali ntchito ya kanthawi kochepa. Anakaponya kuseri kwa khola, namasula mashoko, napita kukanyamula anthu.

Ine ndinakatola. Anzanga ankabereka zitsononkho, koma kanga kanali kolemera bwino ndiponso sikankathyoka. Ndinakasambitsa, ndinakakulunga m'kansanza, n'kukabereka kumbuyo ndi mpango wa amayi. Amayi atabwerako kuchipatala ndinathamangira pomwe anakhala pamkeka, mwendo atautambasula, ndipo ndinatembenuka kuti aone kumsana kwanga.

"Amayi, onani mwana wanga. Salira ayi."

Anasuzumira m'kansanzamo, nakhudza mabala aja a chitsulo ndi chala. Kenako anandikonzera mfundo ya mpango kuti mwanayo asagwe, n'kutembenukira kukhoma. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndikudikira kuti andiuze dzina loti ndimupatse.