Tizingwe Tiwiri ta Achimwene

Achimwene anga ankawotcherera zitsulo ku Chirimba. Atatupa kapamba n'kupezeka ndi khansa ya m'magazi, ija yoyenda pang'onopang'ono, dokotala anawauza kuti m'maselo mwathu muli tizingwe totchedwa makromozomu, timene timachititsa mwana kufanana ndi kholo lake. Mwa iwo, tizingwe tiwiri tinaduka n'kusinthana zidutswa.

"Ndamva, adokotala. Ajoina molakwika," anatero akuseka.

Anawapatsa mapiritsi akumwa tsiku lililonse, okatenga kuchipatala mwezi ndi mwezi. Thupi linabwerera, mpaka tinkawanena kuti ayamba mimba ya mabwana.

Kenako mwana wawo wamkazi anapeza mwamuna wa ku Chilomoni. Kwathu akuchimuna amayamba afufuza ngati kumtundu kwa mkazi kuli khunyu, misala kapena nthenda ina yotengera. Tsoka ilo, azakhali a mnyamatayo ankagulitsa nthochi pageti la chipatala chomwecho.

Achimwene anaganiza paokha kuti ngati tizingweto timapita kwa mwana, ndiye kuti cholakwikacho chinapitanso, ndipo zikamveka banja latha. Anasiya kupita kuchipatala osauza munthu, ngakhale alamu anga. Ine ndinkakhala nawo pafupi ku Ndirande, ndinkawaona akuwonda, iwo n'kumati, "Ndi sitiresi ya chinkhoswe, chemwali." Mpaka lero zimandipsetsa mtima. Munthu wamkulu, woyeza geti ndi diso lokha, kulephera kufunsa funso limodzi!

Pachinkhoswe anavina, suti ikulendewera m'mapewa. Mvula isanagwe tinawanyamula kupita nawo kuchipatala, m'kamwa mukutuluka magazi. Nthenda inali italusa, mapiritsi aja sakanaigwiranso. Ali pabedi ndi pomwe anaulula zonse, n'kupempha kuti mwanayo ayezedwe mwakachetechete, akuchimuna asadziwe.

Dokotala anakoka mpando. "Bambo, kuduka kuja kunachitika m'mafupa mwanu mokha, mutakula kale. Simunabadwe nako, ndipo mwana sangatengere."

Achimwene anatembenukira kwa dokotalayo.

"Ndiye ali bwinobwino?"

"Ali bwinobwino."

Iwo anamwetulira. Ine ndinatuluka panja kukalira, chisoni ndi mkwiyo zili pamodzi.

Pamaliro, amene analira kwambiri ndi azakhali a nthochi aja. Anandiuza kuti ankawaona achimwene mwezi uliwonse pageti paja, za matendawo ankazidziwa kalekale, ndipo analibe nazo kanthu. Atasiya kuwaona, anangoti achira.