Chikhatho Chopanda Jivi

A Fanuel a kwa Maganga sanathamangepo chibadwire, ngakhale galu atawapirikitsa. Mwendo wawo wakumanzere unali waufupi, ndipo poyenda ankakhala ngati akuvina ng'oma imene ankaimva okha. Koma ukafunsa za mpikisano wothamanga wa ku Salima, aliyense ankakulozera kwa iwo. Ntchito yawo yeniyeni inali kusesa ndi kutsuka zilonda pa kachipatala ka kumudziko. Ya mpikisanoyi inali yongodzipereka, yopanda ndi tambala yomwe, ndipo akazi awo, a Molly, ankati ndi matenda amene amawagwira mwezi wa Juni uliwonse.

Mpikisanowo unkayambira pabwalo la paboma, kutsata msewu wa mchenga mpaka pa mlambe wa kwa Maganga, n'kubwereranso. Vuto linali anyamata ochenjera, amene ankabisala m'chinangwa kudikira kuti anzawo atembenuke, kenako n'kutulukira kutsogolo opanda ndi thukuta lomwe. A Fanuel ndi amene anathetsa chinyengo chimenechi. Anapempha kabotolo ka jivi, mankhwala a mtundu wa pepo opaka pazilonda aja, nathothola nthenga ya nkhuku, n'kukakhala pamlambepo. Wofika aliyense ankatambasula dzanja, iwo n'kumupaka m'chikhatho. Jivi sachoka ndi malovu kapena thukuta. Wobwerera pabwalo chikhatho chili mbee, ameneyo ndi wakuba basi. Anthu anayamba kuwatchula kuti a Jivi, ndipo iwo ankavomera dzinalo monyadira kuposa la ubatizo.

Zaka zimenezo zinali za chipani chimodzi, pamene munthu ankatha kusowa dzuwa likuswa mtengo, anthu onse akuona, koma osapezeka woti waona. Zinawagwera a Gerson, aphunzitsi ochokera kumpoto amene ankasewera bawo ndi a Fanuel Loweruka lililonse. Galimoto inaima pasukulu ana ali m'kalasi, ndipo a Gerson sanabwererenso. Chimene analakwa palibe anafunsa, poti kufunsako kunalinso mlandu. Nyumba ya sukulu inalandidwa. Akazi awo ndi mwana wawo wachisamba, Lodwick, anakakhala m'kanyumba kumapeto kwa mudzi, anthu n'kumawalambalala ngati ali ndi khate. A Fanuel nawonso, tinene zoona, anayamba kudzera njira ya kudambo, ngakhale inali yotalika kwa munthu wa mwendo ngati wawo.

Lodwick anali mnyamata wamtali, wa miyendo ya kakowa. Kusukulu anamuchotsa, ndipo kulikonse kumene ankafunsira ntchito ankamuuza kuti abwere mawa. Chimene chinamutsalira ndi liwiro lokha. Atatu oyamba pampikisano ankatengedwa kukathamanga ku Blantyre pa chikondwerero cha ufulu, ndipo kumeneko makampani okhala ndi matimu ankasankha anyamata aliwiro n'kuwalemba ntchito, kutali ndi anthu odziwa kuti bambo ako ndani. Mtima wonse wa Lodwick unali pamenepo. M'mawa uliwonse a Fanuel ankamuona akudutsa m'mphepete mwa minda ya mpunga, wopanda nsapato. Mnyamatayo sankawapatsa moni pakakhala anthu, poopa kuwaika m'mavuto, koma akakumana awiriwiri ankachepetsa liwiro n'kuwomba m'manja. Iwo mumtima ankati chaka chino palibe amugwire.

Tsiku la mpikisano a Fanuel analawirira pa njinga yawo, naika kampando pansi pa mlambe, natsegula botolo. Mwera unkawomba, kukuzizira. Posakhalitsa panaima galimoto, n'kutsika a Yesaya, tcheyamani wa chipani kuderalo, amenenso anali mkulu wa komiti ya mpikisano. Munthu ameneyu sanabwerepo kumlambeko n'kale lonse.

"Mwadzuka bwanji, a Jivi? Nanga ana? Paja ndi angati?"

"Asanu ndi mmodzi, bwana. Wina ndi wakhanda."

"Eya, banja lalikulu. Lofunika bambo pakhomo." A Yesaya anakhala pa muzu wa mlambe, nayatsa ndudu. "Mwana wa woukira uja akuthamanga nawo. Kumuletsa pabwalo alendo akuona sizikanaoneka bwino. Koma sangakaimire Salima ku Blantyre. Nthenga yanuyo isamukhudze. Ine ndikhala pompano kukuthandizani."

A Fanuel anafuna kunena kuti mwanayo sanalakwe kanthu, koma anakumbukira ana awo. Anasowa mtengo wogwira. Anayamba kupemphera pemphero loipa, loti mnyamatayo abayidwe ndi minga panjira, kapena mwendo umukokane, bola asafike n'komwe. Mulungu sanalimve pemphero limenelo.

Lodwick anatulukira yekhayekha pokhota msewu, anzake atawasiya kutali moti ngakhale fumbi lawo silinkaoneka. Anafika akumwetulira, dzanja atatambasula kale.

"Bambo, ndipakeni!"

A Fanuel anaviika nthenga m'botolo. Anaitulutsa, jivi n'kumadonthera pa buluku. A Yesaya anatsokomola pang'ono. Nthengayo inangoima m'malere.

"Bambo, chonde, fulumirani! Akubwera!"

Mnyamatayo ankapondaponda pamalo amodzi kuti miyendo isazizire. Anayang'ana a Fanuel, nayang'ana munthu wa ndudu uja, kumwetulira kuja n'kuzimiririka. Wachiwiri anafika, a Fanuel namupaka. Wachitatu chimodzimodzi. Dzanja la Lodwick linali chitambasulire pakati pa manja enawo, nthenga n'kumalilumpha ngati palibe. A Fanuel anazyolika, misozi ili lengelenge. Chisoni ndi manyazi otere anali asanamvepo. Atapakidwa wachisanu, Lodwick anatsitsa dzanja, natembenuka, n'kuliyatsa liwiro kubwerera kuboma.

Wothamanga womaliza atadutsa, a Yesaya analamula kuti njinga ikwezedwe m'galimoto, poti a Fanuel akufunika pabwalo. Kumeneko anapeza kuli chipwirikiti. Lodwick anali atawapitirira onse amene ananyamuka pamlambe iye ali chiimire, n'kufika woyamba, koma chikhatho chake chinali mbee. Ena ankakuwa kuti ndi wakuba. Ena, odziwa liwiro lake, anangoyang'ana mapazi awo. Mayi ake anaima okha kumbuyo kwa khamu, manja atagwira pachifuwa.

A Yesaya anakwera pansanja, nakweza dzanja, anthu n'kukhala chete.

"Nkhaniyi ndi yosavuta. Mboni ndi awa, ndipo nonse mukudziwa kuti a Jivi sananamepo. Tatiuzani, a Jivi, mnyamatayu anafika kwa inu?"

Bwalo lonse linatembenukira kwa iwo. Akati inde, galimoto ija inatenga a Gerson ikaima pakhomo pawo dzuwa lisanalowe, a Molly n'kutsala okha ndi ana. Akati ayi, ndiye kuti amukwirira wamoyo mwana wa mnzawo. Anayang'ana uku ndi uku ngati angaone wowalanditsa, ndipo aliyense amene ankakumana naye maso ankayang'ana kumbali. A Yesaya anabwereza funso lija, mawu atawakweza.

"Musawavutitse bambowa," anatero Lodwick. Ankapumabe wefuwefu, koma mawu ake anamveka mpaka kumapeto kwa bwalo. "Kumlambe sindinafike. Ndinabisala m'chinangwa."

Phokoso linabuka. Wina anamugenda ndi chitsononkho, ena n'kumaseka kuti mwana wa ng'ona salephera kuyangalala. Mayi ake anadziphimba kumaso ndi chitenje. Anyamata ena atatu anaitanidwa pansanja, ng'oma n'kuyambanso kulira ngati palibe chachitika. A Fanuel anangoima pomwepo manja ali lende, osatha kupita kutsogolo kapena kubwerera m'mbuyo.

Potuluka m'bwalo, Lodwick anadzera pamene iwo anaima. Anawerama pang'ono monga achitira mwana kwa wamkulu, nalankhula motsitsa kuti asamve wina.

"Kazipitani kunyumba, bambo. Ana anu akukudikirani."

A Fanuel anatenga njinga yawo, napita.